Mahailaiti a mpira wa kunja: amawakonza bwanji, eni ake ndani, nanga amasiya chiyani?

Lolemba m'mawa m'nyengo ya mpira, pa Kasungu boma sipalephera kubuka mkangano umodzi womwewo. Pa siteji ya akabaza, m'mashopu ometera tsitsi kumsika, ngakhale mu minibasi yopita ku Santhe, mupeza anthu awiri akulimbana pa masewero amodzi ngati kuti anaonera awiri osiyana. Uyu akuti timu yake inasewera bwino, kungoti inalibe mwayi. Uyo akuti, "Aise, mpira wake uti? Ndaonera ndi maso angawa, munangopanikizidwa basi." Mukafunsitsa mupeza kuti woyambayo anakhala pa benchi m'vidiyo sho mphindi 90 zonse, pamene mnzakeyo anaonera pulogalamu ya mahailaiti usiku, kapena kakanema ka mphindi zitatu komwe wina anaponya pa gulu la WhatsApp.

Pa awiriwa palibe akunama. Aliyense akunena zomwe anaona, kungoti anaonetsedwa zosiyana.

Mahailaiti ndi zidutswa za masewero zomwe akonzi a ku wailesi ya kanema amasankha n'kuzilumikiza kuti munthu aone zikuluzikulu m'nthawi yochepa: zigoli, mipira yomwe goloboyi wapulumutsa, penate, khadi lofiira, ndi pomwe woimbira wautsa mapiri pachigwa. Pulogalamu ya mahailaiti imasonkhanitsa zidutswa zotere kuchokera m'masewero angapo, n'kuikapo woulutsa ndi akatswiri awiri kapena atatu othirira ndemanga. Ambiri timangoitenga ngati masewero ofupikitsidwa. Komatu imapangidwa ndi manja a anthu, ili ndi eni ake, ili ndi mtengo, ndipo pali nthawi yomwe mgwirizano umalola kuti ioneke. Munthu akadziwa zimenezi sadabwanso kakanema ka chigoli kakasowa pa Facebook pasanathe ola, kapena YouTube ikamuuza kuti kanemayu saoneka m'dziko lake.

Zinayamba ndi mantha a eni matimu

Pulogalamu yotchuka kwambiri ya mtunduwu ndi Match of the Day ya BBC ku England. Inayamba pa 22 August 1964, ndipo tsiku loyambalo inaonetsa masewero amodzi okha, pomwe Liverpool inagonjetsa Arsenal 3-2 pa bwalo la Anfield. Wailesi ya BBC2 yomwe inaulutsa pulogalamuyo inkangogwira ku London ndi madera ozungulira, moti oonera pa kanema anali pafupifupi 20,000, osafika ndi theka lomwe la anthu amene anali m'bwalo.

Eni matimu makamerawo ankawayang'ana ndi diso lofiira. Ndalama zawo zinkachokera pa geti, ndiye ankaopa kuti munthu akadziwa kuti mpira auona ali phee pa mpando kunyumba, kubwalo sapondako. Mahailaiti anali mokumanirana: makamera alowe, koma zithunzi zituluke madzulo anthu atachoka kale kumabwalo. Masiku oyambirirawo sankalengeza n'komwe masewero omwe ajambulidwe mpaka anthu atalowa kale pa geti.

Mantha omwewo anabala lamulo lomwe likugwirabe ntchito. Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, nthawi ya kumeneko, wailesi za kanema za ku England siziloledwa kuonetsa mpira pomwe ukuseweredwa. Cholinga chake n'chakuti matimu ang'onoang'ono, omwe amadalira za pa geti, asathawidwe ndi anthu okaonera matimu akuluakulu pa kanema. Zotsatira zake n'zoseketsa ndithu. Masewero a Premier League oyamba 3 koloko Loweruka, mnyamata wa ku Chamama amene walipira pakhomo la vidiyo sho amawaona pompopompo kudzera pa SuperSport, pamene sapota wa ku Manchester yemwe alibe tikiti amamvera pa wailesi n'kumadikira zidutswa zamadzulo, kapena Match of the Day cha m'ma 10:30 usiku. N'chifukwa chake pulogalamuyi kumeneko ili ngati mwambo, ndipo Gary Lineker, yemwe anaiyendetsa kuyambira 1999, atachoka mu 2025 inali nkhani ya dziko lonse. Malo ake anatenga anthu atatu osinthanasinthana: Mark Chapman, Kelly Cates ndi Gabby Logan.

Ife kuno mahailaiti timawafunira zina. Magetsi athima chigawo chachiwiri chitangoyamba. Dikoda yatha ndalama mwezi uli pakati. Masewero a pakati pa sabata amatha pafupifupi pakati pa usiku, munthu ali ndi nazale ya fodya yoti akathirire kusanache. Bandulo ya mphindi 90 si aliyense angaikwanitse, koma ya mphindi zisanu imapezeka.

Kuchoka pa bwalo kufika pa dishi

Pa masewero aakulu a ku Ulaya pamakhala makamera oposa 20. Imodzi imakhala pamwamba, moyang'anana ndi mzere wapakati, ndipo ndi yomwe timaonera nthawi zambiri. Ena amakhala moyang'anana ndi mabokosi, ena kuseri kwa magolo, ena ntchito yawo n'kungotsata nkhope ya kochi ndi masapota. Zithunzi zonsezi zimakathera m'chigalimoto choimikidwa kunja kwa bwalo, momwe muli dayirekita amene amasankha, sekondi ndi sekondi, chithunzi choti chituluke. Ndiye kuti ngakhale amene akuonera masewero onse pa kanema akuonanso zosankhidwa. Wosewera kumbuyo akasiya malo ake mpira uli kutali, kamera siimuona, ndipo ife timangodzaona chigoli chitalowa.

M'chigalimoto momwemo muli ena oyendetsa makina osunga zithunzi za kamera iliyonse. Chigoli chikangolowa, iwo amabweza m'mbuyo n'kupeza mbali zitatu kapena zinayi zoonekera bwino, osewera asanamalize n'kukumbatirana komwe. Kwina mu situdiyo kuli munthu amene ntchito yake ndi kulemba chilichonse chochitika ndi nthawi yake: mphindi ya 12 kona, mphindi ya 23 mpira wamenya chitsulo, mphindi ya 31 khadi lachikasu. Mkonzi amatsata kaundula ameneyu n'kumadula masewero ali mkati. Pofika nthawi yoti woimbira aimbe wezulo yomaliza, chigawo choyamba chimakhala chitakonzedwa kalekale. N'chifukwa chake mahailaiti amatha kutuluka masapota asanafike n'kunyumba komwe.

Luso la mkonzi lagona pobisa pomwe wadula. Phokoso la masapota amalisalaza kuti lisadumphe, ndipo pakati pa zidutswa ziwiri amaikapo nkhope ya kochi akutafuna chingamu kapena mwana wovala sikafu akuomba m'manja. Diso lanu likabwerera pa mpira limaganiza kuti zinthu zikungopitirira, chikhalirecho padumphidwa mphindi 15. Tsiku lina dzayang'anitsitseni kawotchi ka pakona ya kanema. Mudzaona kakuchoka pa 18 kufika pa 34 m'kuphethira kwa diso, ndipo m'mphindi 16 zosowazo mwina ndi momwe timu ina inagwira mpira osaupereka.

Kenako pali nkhani ya ndandanda. Pulogalamu ili ndi nthawi yoikika, masewero ndi ambiri, ndiye mkulu wa akonzi amagamula kuti ati ayambe ndipo alandire mphindi zingati. Omwe muli zigoli zambiri, kapena omwe akukhudza pamwamba pa ligi, amatsogola n'kupatsidwa nthawi yaitali. Olepherana mphamvu 0-0 amakankhidwira kumapeto, ena atagona kale. Masapota a matimu ang'onoang'ono ku England akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti timu yawo imangoikidwa kotsiriza. Akonzi amayankha kuti amatsata kukoma kwa masewero ndi chidwi cha oonera ambiri. Mbali zonse zili ndi mfundo.

Zithunzi zomwe zakonzedwa pa bwalo zimatumizidwa kwa onse omwe anagula, m'maiko osiyanasiyana. SuperSport, yomwe situdiyo zake zili ku Randburg mu Johannesburg, imazilandira, n'kuwonjezapo akatswiri ake ndi malonda ake, kenako n'kuzikweza pa satelayiti. Zikatero zimatsikira pa dishi yomangidwa pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa golosale ku Nkhamenya.

Zomwe zimatsalira

Apa ndi pomwe pagona mkangano wa Lolemba uja. M'mphindi 90 za masewero, nthawi yomwe mpira umakhala ukuyenda siikwana ola limodzi. Yotsalayo imathera ku mipira yoponya, kuvulala, kusintha osewera ndi kudikira kona. Pa ola losakwanalo, pulogalamu imatenga mphindi mwina khumi ngati masewerowo ndi aakulu, zitatu ngati ndi wamba.

Mlimi wa fodya zimenezi azimva msanga. Ku okushoni ya ku Chinkhoma wogula samasula belo lonse tsamba ndi tsamba. Amasolola masamba ochepa, n'kuwayang'ana mtundu ndi kuuma kwake, mtengo n'kuikidwa. Ngati belo linasankhidwa bwino, masamba ochepawo amanena zoona za belo lonse. Ngati m'kati muli osakaniza, masamba apamwambawo amanamiza. Masewero ena ali ngati belo losankhidwa bwino: PSG itakwapula Inter Milan 5-0 mu ndime yotsiriza ya Champions League pa 31 May 2025 ku Munich, amene anaona zigoli zokha ndi amene anaona masewero onse anagwirizana chimodzi. Koma masewero ambiri ndi belo losakaniza.

Tengani ndime yotsiriza ya 2022 ku Paris. Real Madrid inapambana Liverpool 1-0 ndi chigoli cha Vinícius Júnior. Kakanema ka zigoli zokha kamaonetsa Madrid ikuthamanga, mpira ukudutsa kutsogolo kwa golo, Vinícius akuulowetsa, basi. Koma usiku umenewo Liverpool inaombera mipira 24, ndipo goloboyi Thibaut Courtois anapulumutsa 9. Mahailaiti a mphindi khumi amakuonetsani Courtois ndipo mumamvetsa chifukwa chomwe anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. A mphindi imodzi amamusiya kunja. Masewero ndi omwewo, nkhani ziwiri.

Masapota a Chelsea, omwe pa Kasungu pano si ochepa, amakumbukira 2012 ku Munich. Bayern inamenya makona 20, Chelsea imodzi yokha, ndipo pa kona imodziyo ndi pomwe Didier Drogba anagoletsa ndi mutu mphindi ya 88 n'kufananitsa mphamvu, chikho n'kudzapita ku London pa mapenate. Mwana amene akuona mutu wa Drogba pa foni lero sangadziwe kuti anzake amene anaonera usikuwo anakhala pafupifupi maola awiri mitima ili m'mwamba.

Palinso osewera omwe mahailaiti sawakomera. Womwetsa zigoli akhoza kuyendayenda mphindi 85 osagwira mpira, n'kugoletsa kamodzi, dzina lake n'kumveka sabata yonse. Wosewera pakati amene amalanda mipira ndi kutseka njira zoopsa zisanabadwe ntchito yake ndi yoletsa zinthu kuchitika, ndipo chinthu chomwe sichinachitike mkonzi alibe pochidula. N'Golo Kanté anasankhidwa kukhala wosewera bwino mu ndime yotsiriza ya 2021 pomwe Chelsea inagonjetsa Manchester City 1-0 ku Porto, koma kakanema kachidule mumaona Kai Havertz akuzungulira goloboyi. Ife tomwe tili ndi chitsanzo chathu, ngakhale ndi cha timu ya dziko: chigoli cha patali cha Gabadinho Mhango polimbana ndi Morocco mu January 2022 chinazungulira dziko lonse lapansi, ndipo ambiri akunja omwe anachiona sadziwa kuti Flames inagonja 2-1.

Kwa amene amabetcha, izi n'zofunika kuziganizira. Timu yomwe yaoneka yoopsa m'mphindi zitatu mwina inali ndi mipata itatu yokhayo masewero onse.

Chithunzi choyenda pang'onopang'ono, ndi akatswiri a mu situdiyo

Chida chomwe chimakometsa mahailaiti kwambiri ndi chithunzi chobwerezedwa moyenda pang'onopang'ono. Chimaonetsa bwino pomwe phazi linagunda, kaya pa mpira kaya pa mwendo. Vuto lake n'lakuti chimatalikitsa nthawi. Chinthu chomwe chinachitika m'kanthawi kosakwana sekondi chimaoneka ngati wosewerayo anali ndi mpata woganiza, ndipo kugundana wamba kumasanduka chiwembu. Opanga malamulo a mpira, bungwe la IFAB, amadziwa zimenezi. Malangizo awo a VAR, omwe ndi oimbira othandiza poyang'ana kanema, amati chithunzi chochedwetsa chigwiritsidwe ntchito poona pomwe munthu anagundidwa, koma poyeza mphamvu ya kugundako aone pa liwiro lake lenileni. Pulogalamu ya mahailaiti ilibe lamulo lotere. Ikhoza kukubwerezerani chochedwetsacho kanayi, cha liwiro lenileni kamodzi, ndipo pofika m'mawa tonse tagamula kale kuti linali khadi lofiira.

Pa ofusayidi napo diso limapusitsika. Kamera ikakhala kuti siili pa mzere weniweni wa wosewera womaliza, amene ali kutali amaoneka ngati watsogola kapena watsalira. N'chifukwa chake amajambula mizere pa kanema, ndipo Champions League kuyambira 2022 imagwiritsa ntchito makamera apadera otsata ziwalo za osewera. Premier League, yomwe inayamba VAR mu 2019, inatengera njira yofananayo mu April 2025.

Akatswiri a mu situdiyo, omwe ambiri ndi osewera akale, amabwera kudzakwirira ena mwa maenje amenewa. Amakhala ataonera masewero masana, ndipo amapempha akonzi kuti awadulire zidutswa zosonyeza mfundo yawo, monga momwe osewera kumbuyo ankasiyira mpata pakati pawo. Akamaimitsa chithunzi n'kuzunguliza wosewera ndi mzere, mumaona zomwe kamera yaikulu inakubisirani. Kungoti katswiri naye wasankha. Zidutswa zitatu zosonyeza wosewera akulakwitsa zimapezeka pa wosewera aliyense, ngakhale amene wasewera bwino.

Masiku ano pansi pa kanema pamalembedwanso xG. Iyi ndi nambala yoyeza kukoma kwa mipata yomwe timu inapeza. Makompyuta amayerekeza mpira uliwonse woomberedwa ndi mipira masauzande yomwe inaomberedwa pa malo ofanana, n'kuupatsa nambala pakati pa 0 ndi 1. Penate imapatsidwa pafupifupi 0.76 mpaka 0.79, chifukwa mwa mapenate anayi, atatu amalowa. Mpira woombera kutali kwambiri umapatsidwa kochepetsetsa. Mukaona timu yagonja 1-0 koma xG yake ndi 2.5 pomwe ya opambana ndi 0.4, dziwani kuti mnzanu wa "tinalibe mwayi" uja ali ndi pogwira. Ena amaikonda nambalayi, ena amati mpira ndi zigoli zolowa basi.

Chigoli chili ndi mwini wake

Funso lomwe limabwera kawirikawiri n'lakuti, chigoli choti dziko lonse lachiona, n'chifukwa chiyani akuchichotsa pa tsamba langa? Yankho n'lakuti chithunzi cha chigolicho ndi katundu. Mwini wake ndi wokonza mpikisano: Premier League pa masewero 380 a matimu ake 20, UEFA pa Champions League, CAF pa mipikisano ya makalabu a mu Africa. Iwowa amagulitsa chilolezo choonetsa, ndipo sagulitsa mtolo umodzi. Amagawa malinga ndi dera, malinga ndi zaka, komanso malinga ndi mtundu: chilolezo choonetsa pompopompo n'china, cha mahailaiti a pa kanema n'china, cha tizidutswa ta pa intaneti n'chinanso.

Ku UK, masewero a pompopompo a Premier League ali m'manja mwa Sky Sports ndi TNT Sports, pamene BBC ili ndi mahailaiti. Mgwirizano wa zaka zinayi womwe unayamba mu 2025 ndi wa mapaundi 6.7 biliyoni, wa ku UK kokha. Ndipo chilolezo sichikhala cha muyaya. Mu 2001 ITV inapereka ndalama zambiri n'kulanda mahailaiti a Premier League, BBC n'kudzawatenganso mu 2004. Ndalama zochokera kumaiko akunja tsopano zimaposa za ku UK komweko, ndipo m'ndalama zimenezo muli ndi zathu. Ndalama yomwe mwapereka pakhomo la vidiyo sho imathandiza mwini malo kulipira dikoda, kampani ya dikoda imalipira ligi, ligi imagawira matimu, matimu n'kulipira osewera.

Kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, Premier League ndi Champions League takhala tikuzionera pa SuperSport kudzera pa DStv ndi GOtv za kampani ya MultiChoice, yomwe mu 2025 inagulidwa ndi Canal+ ya ku France. Amene walipira ndalama zambiri kuti akhale yekha m'dera safuna kuti katundu yemweyo azipezeka ulere kuchokera kwina. Ndiye wailesi ya ku UK ikaika mahailaiti pa YouTube, imatsekera maiko omwe sinagule. Foni yanu ikalumikizika pa intaneti imakhala ndi nambala yosonyeza dziko lomwe ili, ndipo makina akaona kuti ndi Malawi, khomo limatsekeka. Foniyo ilibe vuto, ndipo netiweki si yolakwa.

Tizidutswa tomwe anthu amajambula pa kanema wawo n'kuponya pa Facebook kapena YouTube timagwidwa ndi makina omwe amayerekeza chithunzi ndi mawu ndi zomwe eni ake anasungitsa. N'chifukwa chake mumaona tina totembenuzidwa, wosewera wa mwendo wamanja akumenya ndi wamanzere ndipo manambala a pa jezi akuwerengeka chobwerera, tina tokuzidwa mpaka mpira osaoneka, tina toikidwa nyimbo pamwamba. Oponyawo akuyesa kuzemba makinawo. Pa WhatsApp timakhalitsa chifukwa mauthenga a kumeneko ndi otsekedwa, makina a eni ake sawaona. Eni chilolezo amati uku ndi kuba komwe kumapha malonda olipira mpirawo. Oonera ambiri amati mitengo yakwera kuposa matumba awo ndipo alibe njira ina. Mkangano umenewu uli paliponse, ngakhale ku Ulaya komweko.

Njira yosavuta ndi yakuti matimu ndi maligi nawonso amaika mahailaiti awo pa masamba awo, koma pakapita nthawi yomwe mgwirizano unaika, kuti amene anagula chilolezo ayambe wadyerera. Amene angapirire mpaka m'mawa kawirikawiri amapeza chithunzi choyera, chosatembenuzidwa. Ndipo kutsitsa chithunzi pa YouTube kuchoka pa 720p kufika pa 360p kumasunga bandulo, ngakhale mpira umaoneka ngati kadontho.

Usiku wa masewero 18

Kusintha kwa Champions League kwachititsa kuti ngakhale amene ali ndi dikoda yolipiridwa azidalira mahailaiti. Mpikisanowu unayamba mu 1955 ndipo unatenga dzina la pano mu 1992. Mpaka 2024 munkakhala matimu 32 m'magulu asanu ndi atatu. Kuyambira sizoni ya 2024/25 muli matimu 36 pa ndandanda umodzi. Timu iliyonse imasewera masewero 8 ndi matimu 8 osiyana, anayi pakhomo, anayi koyenda. Omaliza pa nambala 1 mpaka 8 amalowa mwachindunji ndime ya matimu 16. A nambala 9 mpaka 24 amapikisana kaye awiriawiri, ndipo a nambala 25 mpaka 36 amabwerera kwawo. Masewero onse anakwera kuchoka pa 125 kufika pa 189.

Tsiku lomaliza la gawo loyambali masewero onse 18 amayamba nthawi imodzi, kuti pasapezeke timu yosewera ikudziwa kale zomwe ikufunika. Zinachitika koyamba pa 29 January 2025. Kuti munthu awaonere onse motsatizana angafunike maola 27. Usiku umenewo Manchester City inapita kokapuma ikutsalira 1-0 kwa Club Brugge, ili panja pa mpikisano, n'kudzapambana 3-1 ndi kupulumuka pa nambala 22. Chigoli cha pa bwalo lina chinkasuntha matimu omwe akusewera kutali, ndiye wailesi zambiri zimakhala ndi tchanelo chodumphadumpha, chothamangira kulikonse komwe kwalowa chigoli. Amenewonso ndi mahailaiti, kungoti akukonzedwa inu mukuona. PSG, yomwe inadzatenga chikho, inamaliza gawo limenelo pa nambala 15.

Ndalama zake zikusonyeza chifukwa chomwe masewero akuchulukira. Mu sizoni imeneyo timu iliyonse inalandira mayuro 18.62 miliyoni pongolowa nawo, mayuro 2.1 miliyoni pa kupambana kulikonse ndi 700,000 pa kufanana mphamvu. Gawo lalikulu la ndalamazi limachokera ku wailesi za kanema. Makochi ndi osewera ena amadandaula kuti masewero achuluka ndipo matupi akutopa. Okonza amati oonera akufuna matimu akuluakulu azikumana pafupipafupi.

Nanga athu?

Mpira wa makalabu a mu Africa umaoneka mochepa m'mapulogalamu otere, ndipo chifukwa chachikulu ndi makamera. Kujambula masewero ndi makamera ambiri, chigalimoto ndi akonzi kumadya ndalama, ndipo ndalamazo zimabwera pomwe pali ogula. Masewero ojambulidwa ndi makamera awiri kapena atatu alibe mbali yachiwiri yoonera chigoli, ndipo mkangano wa ofusayidi umathera m'malere. Achikulire amakumbukira 2004 pomwe Bakili Bullets, motsogozedwa ndi Kinnah Phiri, inafika ndime ya m'magulu ya CAF Champions League, koma kupeza zithunzi zoyera za masewero amenewo n'kovuta kuposa kupeza za Liverpool ya 1964. Makamera akakhalapo mpira wa kuno umagulitsika ndithu: pa mpikisano wa makalabu a dziko lonse wa 2025 ku America, Mamelodi Sundowns inagonja 4-3 kwa Borussia Dortmund, ndipo zigoli zisanu ndi ziwirizo zinayenda m'mafoni ambiri.

Pali osewera athu omwe ambiri timawadziwira pa mahailaiti okha. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Masewero oyamba 7 koloko madzulo ku Kansas City kuno imakhala 2 koloko usiku. Mkulu wake Tabitha, yemwe anatsogola pa zigoli mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan asanapite ku PSG kenako Lyon, amasewera nthawi yabwinoko, koma vidiyo sho yokhala ndi kanema mmodzi Loweruka madzulo imaika zomwe ambiri alipirira. Popanda tizidutswa ta pa foni, mtsikana wosewera mpira wa chikulunga ku Mtunthama sakanaona momwe Temwa amathawira otchinga kumbuyo.

Za nthawi

Chomaliza chomwe chimasokoneza anthu chaka ndi chaka ndi wotchi. Malawi sasintha nthawi, koma maiko a ku Ulaya amasintha kawiri pachaka. Kuyambira Lamlungu lomaliza la March mpaka Lamlungu lomaliza la October, masewero a 3 koloko ku England kuno amayamba 4 koloko, ndipo a Champions League a usiku amayamba 9 koloko. Kuchokera kumapeto kwa October mpaka March, nthawi ya dzinja lathu ndi ntchito yambiri kumunda, zonse zimasunthira kutsogolo ndi ola limodzi: a Loweruka 5 koloko, a Champions League 10 koloko usiku, kutha kwake cha m'ma 12 koloko. Mapulogalamu a mahailaiti otsatira masewerowo amasunthanso chimodzimodzi, ndiye amene anazolowera kutsegula kanema nthawi inayake mu September adzapeza mu November masewero akadali mkati.